Masamba a Maliro pa Njira ya Liwiro

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, kunali mtsikana dzina lake Ndaziona, amene pothamanga ankameza mapiri ngati nkhungu. Anamuphunzitsa liwiro ndi amalume ake, a Mulekano, m'tinjira ta anthu osenza matabwa.

Kunabwera mpikisano woopsa: kunyamuka mbandakucha, kukwera phiri, kulidutsa pamwamba, nkutsikira tsidya lina. Panalibe mkazi ndi mmodzi yemwe amene anaumalizapo dzuwa lisanalowe. Chakumapeto, njirayo inkadutsa pamudzi pa Ndaziona.

Tsiku la mpikisanolo, Ndaziona ali m'mitambo pamwamba paphiri, a Mulekano anamwalira. Anthu anayala masamba panjira monga mwa mwambo, kuti wapanjinga atsike, wothamanga ayende.

Mlongo wake wa Ndaziona, Chilipo, atamuona akutsetsereka patali, anakoka masamba aja nkuwaponya patchire. "Akawaona ameneyu ayenda," anatero. "Akayenda, dzuwa lamuthawa."

Mayi ake aang'ono, a Nasibeko, anatembenukira amayi a pasiwa. "Azimayi, tadulani kaye nyimbo. Mwana adutse." Nyimbo inadukira pakamwa.

Mnzake wa Ndaziona, Esimi, anamuchingamira ndi madzi. Ndaziona anafunsa ali wefuwefu, "Amalume ali kuti? Paja anati andidikira pamango apa."

"Iwe, usandichedwere apa! Akukudikira komalizira. Thamanga!"

Koma maso alibe mpanda. Ndaziona anaona abambo atakhala duu pansi pa mtengo, amayi atamanga mipango, onse atazolika. Mtima unamuuza ndithu. Anayang'ana pakhomo pa amalume ake, anayang'ana dzuwa, nkuwonjezera liwiro.

Anafika dzuwa likadali lendelende pamwamba pa mitengo. Anthu anamunyamula m'mwamba, dzina lake linamveka pa wailesi. Iye ankangofufuza nkhope imodzi m'khamumo, osaipeza.

Atabwerera kumudzi, miyendo imene inagonjetsa phiri inakanika kulowa pasiwa. Anaima kuseri kwa nkhokwe, nsapato zili m'manja. Mkazi wa malemu anamuona, nkunena motsitsa mawu, "Lowani, akatswiri. Fumbi lanu linafika kalekale pamaliro pano, inu munatsalira kuti?"

Chilipo anayang'ana kumbali. A Nasibeko anadziphimba ndi chitenje. Esimi anazemba.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, manyaziwa asenze ndani: wochotsa masamba, wodula nyimbo, wonama uja, kapena mwini miyendo amene anaona koma osaima?