Kansungwi ka Aphunzitsi Zimba

Aphunzitsi Lyford Zimba a ku Chipangali ankayenda ngati munthu amene akumva nyimbo yomwe ena sakuimva. Ndiwo ankaimba limba la ku tchalitchi, ndipo chikwati cha mwana wawo Dainess chitayandikira, ankachilota ngakhale masana: mkwatibwi akuyandama pakhomo ngati mtambo, zala zawo zikuuluka pa limba, azungu a ku mishoni akupukuta misozi.

M'mawa wina akukoka sokosi yaitali, yofika m'bondo, chala chapakati cha dzanja lamanja chinangoti thu. Nsonga yake inawerama osadzukanso. Kwa anthu anati chinapweteka pogwira ng'ombe yolusa.

Ku chipatala cha ku Fort Jameson, adokotala anati kamtsempha kowongola chala kaduka. Anachiwongola n'kuchimangira ku kansungwi.

"Miyezi iwiri osamasula, aphunzitsi. Chikangopinda kamodzi, mtsempha walekananso, tayambira poyamba."

Koma munthu wa tayi angapereke bwanji moni ndi nsungwi kudzanja, ngati nkhuku yothyoka mwendo? Akaona abusa, akalaliki a ku boma, kapena abale a mkwati, ankamasula kansungwiko mwakachetechete n'kukaponya m'thumba la jekete. Akafika pa mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba ankamanganso, n'kulowa ndi nkhope ya munthu womvera malamulo.

Mkazi wawo Tryness ankaona zonse.

"Bambo a Dainess, kodi chikudwala ndi chala kapena thumba? Poti mankhwala akukhalira m'thumbamo."

Iwo anayankha kuti zachipatala n'zozama, n'kubwerera ku maloto awo, mmene chala chinali chowongoka ngati nthungo.

Miyezi iwiri itatha, adokotala anamasula, nsonga ija n'kuweramanso mwaulemu. Anati nthawi yolumikizana inapita, chatsala n'kuzolowera.

Pa tsiku la chikwati anakhala pa limba, mapazi akupopa mphepo. Chala chija chinkakodwa pakati pa makiyi n'kuliza mawu awiri nthawi imodzi, ngati mbuzi yomangidwa. Anayesanso, kenaka anatseka limba pang'onopang'ono. Amayi a chigwirizano anayambitsa nyimbo pakamwa, ndipo Dainess analowadi ngati mtambo, atacheukira bambo ake kamodzi kokha.

Aphunzitsi anapisa dzanja m'thumba kuti alibise. Anakhudza kansungwi kaja, kowongoka bwinobwino.

Ndi zimene ananena akale: mbewa ya manyazi inafera ku una.