Galaja ya Orest

Orest Hrynko anali makaniko wa mathirakitala m'katauni kathu ka m'chigawo cha Saskatchewan, ndipo mutu wake unali wouma kuposa zitsulo zimene ankamenya. Mwana wake Lesia anabadwa ndi manja a bambo ake. Atatsala zaka ziwiri kuti amalize sekondale, sukulu inamusankha kuti m'mawa azikhala m'kalasi, masana azikaphunzira umakaniko kugalaja ya Gaetan Pruden, kumene kunali kompyuta yopimira makina atsopano. Chinatsala n'chakuti bambo asaine pepala.

Orest analiwerenga, n'kupukutira manja a girisi. Anati Pruden anamulanda makasitomala, tsopano akufuna ndi mwana yemwe. Amene akufuna umakaniko auphunzire pakhomo, pamene munthu amamva matenda a injini ndi khutu.

"Adadi, khutu lanulo silimva kompyuta," anatero Lesia.

"Ndiye ukadye kompyutayo. Iwe unakula ndi sipanala iyi."

Malo a Lesia anapatsidwa mnzake wa m'kalasi, Shauna. Lesia ankati akaweruka n'kumatsuka mabawuti kwa bambo ake.

Nthawi yokolola, chimakina chatsopano chokololera cha Abe Thiessen, mlamu wake wa Orest, chinazima pakati pa munda wa tirigu. Wailesi inali itachenjeza kale kuti chipale chofewa chikubwera. Lesia anauza bambo ake kuti kusukulu anawaphunzitsa kuti makina otere amanena okha pamene pakuwawa, bola kuwalumikiza ku kompyuta. Anawapempha aimbire Pruden. Orest anati bola kufa. Masiku awiri anamasula, anagogoda, anatchera khutu, ndipo chimakina chili duu.

Tsiku lachitatu Abe anatopa nazo zachibale, anaimba yekha foni. Pruden anafika ndi Shauna. Mtsikanayo analumikiza kompyuta, khofi wa Abe asanazizire n'komwe anatulutsa kawaya kamene mbewa zinatafuna. Koma madzulo ake chipale chinagwa, theka la tirigu n'kugona pansi.

Abe sanatukwane. Anangoyang'ana Lesia, amene anaima poteropo atanyamula bokosi la masipanala, n'kuuza mlamu wakeyo kuti, "Tirigu ndidzadzala wina, achimwene. Nanga zaka za mwanayu mudzazidzala kuti?"

Lolemba Orest anavala malaya a kutchalitchi, anapita kusukulu chipewa chili m'manja, kukapempha pepala lina. Anamuuza mwaulemu kuti malo anadzaza, adikire chaka chamawa, ndipo ngakhale apo Lesia adzakhala atatsalira chaka chathunthu.

Anatuluka n'kukhala m'galimoto osailiza. Ankati akutchinjiriza mwana, chonsecho ankatchinjiriza dzina lake lolembedwa pachitseko cha galaja. Chimene iye ankadziwa anali atamupatsa kale mwanayo, chotsalacho chinali kwa ena. Akanakumbuka msanga kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.