Bakha ndi Foni ya Mvuu

Pamsika wa Kadambo panali Khwangwala, wokonza mafoni, ndi Bakha, amene ankachapira nyama zinzake zovala kumtsinje. Khwangwala ntchito ankaidziwa ndithu, koma anali wodzimva, moti mawu oti "sindikudziwa" anali asanatulukepo pakamwa pake. Bakha anali wofatsa, ndipo pafoni yake ankadziwa mabatani awiri okha, loyankhira ndi lodulira. Awiriwa ankagwirizana pa zonse kupatula pa zimene Bakha ankakonda kumvera.

Nkhaniyi inayamba ndi phuma la Khwangwala. Tsiku lina Bakha anapempha kuti amuikire nyimbo zakwaya mufoni, koma iye anamuikira macheza ojambulidwa a Kangaude ndi Chiswe, okamba za makompyuta ndi mafoni. Bakha anawamvera uku akuchapa. Sanatolepo kanthu, komabe anawakonda kwambiri, moti Loweruka lililonse ankabwera ndi kayendedwe kake kopendekera kaja kudzapempha ena.

Khwangwala ankaseka mpaka misozi. "Mayi Bakha, uthenga wapafoni womwe amakuwerengerani ndi ana. Nanga m'zimenezi mukumvamo chiyani?"

Bakha sanakane. Anati mawu ambiri amangomudutsa, koma chimamusangalatsa ndi mmene awiriwo amachezera. Sakalipirana, akalakwitsa amavomera, ndipo asanakhudze chinthu chowonongeka amayamba afunsa mwini wake. Anatinso akamawamvera mulu wa zovala umatha iye osadziwa. Khwangwala anati kumeneko n'kungotha batire.

Ndiye kunabwera Mvuu ndi foni yozima. Khwangwala sanafunse kanthu, poti kwa iye kufunsa kasitomala kunali kudzichotsa ulemu. Anasintha batire, foni inayaka masiku awiri n'kuzimanso. Anasintha sikirini, zinali chimodzimodzi.

Ulendo wachitatu Mvuu anafika mphuno zikutuluka utsi. Ananena poyera kuti foniyo ikazimanso adzakhalira kanyumba kogwiriramo ntchito ka Khwangwala mpaka kaphwasuke. Linali Loweruka, ndipo Bakha anali pomwepo kudikira macheza ake. Bakhayo anada nkhawa, chifukwa pamsika wonsewo panalibenso wina wodziwa kumuikira Kangaude ndi Chiswe.

Bakha anasendera pafupi mwaulemu. "Pepani bambo Mvuu, ine za mafoni sindizidziwa. Koma mukamawoloka mtsinje, foniyi mumaisunga pati?"

"M'kamwa," anayankha Mvuu. "Nanga ine thumba ndili nalo?"

Khwangwala anatsegula foni ija n'kuyang'ana m'kati mwenimweni, mmene anali asanayang'anemo, ndipo anapeza dzimbiri lokhalokha. Anaipukuta, naiyanika, nasintha kachitsulo kamodzi kakang'ono. Bakha anapereka kajumbo kamene ankasungiramo sopo kuti Mvuu azikulungiramo foniyo powoloka.

Foni ija sinazimenso, ndipo kanyumba kaja kanapulumuka. Khwangwala sanathokoze, poti khalidwe silisintha tsiku limodzi. Koma Loweruka lotsatira Bakha anapeza macheza atsopano asanu atamukonzera kale, osapempha. Bakha akunyamuka, Khwangwala anayang'ana uku ndi uku, n'kumufunsa chapansipansi zimene Kangaude ananena sabata yathayo.

"Sindinamve ngakhale chimodzi, achimwene," anatero Bakha. "Koma ananena bwino."

Anatsikira kumtsinje ali wokondwa, foni ikulankhula pansi pa phiko. Kuyambira tsiku limenelo, aliyense wobweretsa foni kwa Khwangwala ankayamba wafunsidwa komwe imagona.

Phunziro: Tisamaseke mnzathu chifukwa chokonda zinthu zimene sazimvetsa. Womvera ndi mtima wonse sabwerako chimanjamanja, pomwe wodziwa zambiri akachita manyazi kufunsa amasochera masana. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.