Nguluwe Atsekera Dzina la Nachanza m'Bokosi

Kalekale, kale lomwe lija nyama zikuchitabe msika wawo pansi pa mkuyu, panali Mpheta. Ana inu ndi akulu omwe, paja apa mumati "tili tonse". Nenani mokweza ndithu, chifukwa kuno kumene ndakalambira ine mawu amenewa samveka.

Mpheta ameneyu anali nkhalamba, nthenga za pamutu zitayamba kuthothoka. Ankakhala yekha m'kachisa kake kuseri kwa phiri. Mkazi wake, Nachanza, anamwalira dzinja lina la mvula yambiri. Ana onse anauluka, wina kumpoto, wina kumwera, osatumiza ngakhale moni. Chimene anatsala nacho chinali nsupa imodzi ya mbewu ya chamba.

Musandituzulire maso. Masiku amenewo nyama zinkalima chamba poyera ngati mawere. Zina zinkasenda luzi lake n'kupota zingwe, zina zinkawiritsa maluwa ake kukhala mankhwala a nyamakazi. Anyani okha ndiwo ankachita nacho zina, n'chifukwa chake mpaka lero amaseka okhaokha pathanthwe.

Mbewu ya m'nsupayo sinali mbewu wamba. Nachanza ndiye anaisankha, chaka ndi chaka, kwa zaka khumi ndi ziwiri. Ankalawirira kumunda mame asanakamuke, kununkhiza tsinde ili, kulawa njere iyo, yoipa kulavula, yabwino kuisunga m'phulusa. Pomaliza inatuluka mbewu yopirira ng'amba, ya maluwa ofiirira ngati katondo, yonunkhira ngati uchi wa m'mphako. Nyama sizinavutike kuifunira dzina. Zinkangoti, ija ya Nachanza. Kenaka zinkangoti, Nachanza.

Loweruka lililonse Mpheta ankauluka kupita kumsika. Ankayala kachiguduli kake, n'kuyamba kuitana: "Nachanza, Nachanza! Mbewu ya Nachanza!"

Kunena zoona, sikugulitsa kumene ankapitira. Kunyumba kunalibe womutchulira dzina limenelo, ndipo wamasiye akamaitana mkazi wake m'chisa chopanda munthu, anansi amati mutu wazungulira. Koma pamsika ankatha kuliitana mpaka mawu kusasa, popanda wodabwa. Ogula nawonso ankamuyankha kuti awapatseko Nachanza wa chikho chimodzi, ndipo mtima wa nkhalambayo unkachita myaa.

Tsiku lina kunabwera Nguluwe, wamalonda wa mbewu wochokera kuboma. Mimba inali ndii, jekete losakwana mabatani. Khasu anali asanaligwirepo chibadwire. Mbewu ankazidziwira m'matumba mokha, kugula kuno, kugulitsa uko. Ataona mzere wa nyama pa kachiguduli ka Mpheta, dovu linamutuluka. Anagula chikho chimodzi, nalunjika kwa Nungu.

Nungu ndiye anali kalaliki wa ofesi ya maina. Ntchitoyi anamupatsa chifukwa zolembera ankayenda nazo kumsana. Lamulo la ofesiyo linali loti woyamba kubwera ndi dzina la mbewu, pamodzi ndi njere zodzaza dzanja, amalembedwa m'kaundula kuti ndiye mwini dzina. Wina aliyense sangagulitsenso mbewu potchula dzinalo. Nungu anasolola munga umodzi, anauviika mu inki, analemba. Njerezo anaziika m'bokosi. Chidindo dii!

Anamuwerengeranso mawu ang'onoang'ono a kumunsi, akuti chaka chilichonse, akakolola, mwini dzina azibwera ndi njere zatsopano zodzaza dzanja, apo ayi dzina limuchokera. Koma Nguluwe sankamva. Ankanunkhiza chidindo.

Loweruka linalo Mpheta anayala kachiguduli kake. Atangoti "Nachanza, Nacha..." chithunzithunzi chachikulu chinamuphimba. Anali Nguluwe.

"Tseka kamlomoko, mdala iwe. Dzina limenelo ndi langa."

"Dzina la mkazi wanga, bwana?"

"Linali. Werenga apa."

Mpheta anayang'ana chikalatacho, anayang'ana Nguluwe. "Kodi malemuwo munawadziwa?"

"Ndiwadziwirenji? Ndili ndi chidindo."

Atatero anatola nsupa ija, akuti mbewu iliyonse yotchedwa dzina lake ndi katundu wake. Sanalekere pomwepo. Anayenda m'midzi yonse ndi chikalata kukamwa, kulanda njere m'nkhokwe za eni, kufukula kalikonse kamene kanamera kuseri kwa nyumba. Ukatsutsa, chikalata. Ukalira, chikalata.

Mpheta anapita kwa Nungu kukadandaula. Nungu anamva chisoni, koma anati lamulo ndi lamulo. Anamufunsa kuti zaka zonsezi anakhala nalo bwanji dzinalo osalilembetsa.

"Ife tinkangoitanana, akalaliki," anatero Mpheta.

Nungu anakanda pamphuno. Pofuna kumuonetsa kuti zonse zinayenda mwa dongosolo, anamuwerengera chikalata chonse, ndi mawu a kumunsi omwe. Mpheta anapendeketsa mutu. Anapempha kuti amuwerengerenso mawu a kumunsiwo, poti makutu a nkhalamba ndi olemera. Nungu anabwereza. Mpheta anathokoza, nauluka.

Masabata amene anatsatira anali aatali. Loweruka likafika, Mpheta ankadzuka, kukonza nthenga, kufika pakhomo, n'kukumbukira kuti alibe kopita. M'chisa muli zii. Kunja kuli zii. Tsiku lina mphepo inamubweretsera kapepala. Linali limodzi mwa mapaketi a mbewu amene Nguluwe anasindikiza kuboma. Pamwamba panali nkhope ya Nguluwe, mphuno tambalale, mano panja. Pansi pa nkhopeyo panalembedwa kuti NACHANZA. Mpheta anaseka, poti mkazi wake anali wa kakhosi kosalala. Anaseka mpaka anazindikira kuti sakusekanso.

Anauluka kupita kumsitu wa manda. Pa tsiku la maliro, Mpheta anali atamwaza tinjere tingapo pamtumbira, kuti malemuwo asasowe chochita kumene akupitako. Tinjereto tinamera, tinabala, tinagwa, tinameranso, chaka ndi chaka. Nguluwe anali asanafikeko kumeneko, chifukwa wofukula za eni amaopa manda kuposa mkango. Mpheta anatera pamtumbirapo, natchula dzina lija motsitsa, kamodzi kokha, ngati wakuba.

Mvula inagwa. Nguluwe anadzala mbewu yonse kudambo, ya m'nsupa ndi yolanda yomwe, osasiya ngakhale njere imodzi ya mawa. Anatumiza uthenga kwa amalonda a kutali kuti akadzamva kuti wakolola, abwere ndi matumba aakulu.

Chamba chinamera biriwiri. Chinakula, chinafika m'chiuno, chinapitirira mutu. Kenaka Nguluwe anaona chachilendo. Mitengo ina inali yaifupi, ya nthambi zowirira. Ina inali yaitali, yoonda, ya masamba apatalipatali, ili ndi timipira tolendewera. Anaganiza kuti kambalame kaja kanamusakanizira ndi thengo. Anakaitanitsa.

Mpheta anafika, natera pa chulu. Anamufotokozera mwaulemu kuti palibe thengo m'mundamo. Chamba ndi momwe chilili, chili ndi zazikazi ndi zazimuna. Zowirirazo ndi zazikazi, zoondazo ndi zazimuna.

"Zazimunazo zimabala njere zingati?" anafunsa Nguluwe.

"Ngakhale imodzi simudzaipeza pamenepo, bwana."

"Nanga zikudyeranji nthaka yanga?"

"Amuna ndi choncho, bwana. Malemu ankanenanso zomwezo za ine."

Nguluwe anafwenthera. "Nditazizula?"

"Maluwa a zazikazi adzanenepa kuposa onse amene munaonapo."

Ana inu, mwaona? Mpheta sananame ngakhale liwu limodzi. Anangoyankha zimene anafunsidwa. Chimene sanafunsidwe n'chakuti timipira tija tikaphulika timatulutsa mungu, kaufa kachikasu kouluka ndi mphepo, ndipo duwa lalikazi losalandira kaufako silikhala ndi njere mpaka kufota.

Tsono pa ntchito zonse za kumunda, kuzula ndiyo yokha imene Nguluwe anabadwa akuidziwa. Anavula jekete, nalipachika pa chitsamba. Mphuno pansi, matako m'mwamba. Fukuu, chagwa. Fukuu, chagwa. Mpheta ali pachulu ankathandiza ndithu. "Icho chabisala uko, bwana. Chinanso icho pafupi ndi tsinde la chulu." Fukuu, chagwa. Masiku atatu, m'munda monse simunatsale chachimuna ngakhale chimodzi. Nguluwe anamuponyera Mpheta gaga pang'ono, akuti kambalameka kayamba nzeru.

Mpheta sanadye gagayo. Anakhala pachulupo mpaka dzuwa kupendeka, kuyang'ana mitengo yozulidwa ikufota. Inalinso ntchito ya mkazi wake imeneyo.

Zazikazi zija zinatsala zokha. Zinatulutsa maluwa, zinadikira. Mphepo inabwera yopanda kanthu. Zinanenepa, zinachita utomoni, fungo linafika kutsidya kwa mtsinje, zikudikirabe. Nguluwe ankayenda m'mizere manja kumbuyo, kuitana odutsa kuti adzaone ulimi wa anthu ophunzira. Alimi akale ankaima, kuyang'ana munda, kuyang'anana, n'kupitirira. Onse anali atalandidwa nkhokwe, tsono palibe anaona chifukwa chotsegulira pakamwa.

Nthawi yokolola inakwana. Nguluwe anadula, anayanika, anayamba kupuntha. Phu, phu, phu. Anatenga lichero, napeta. Mankhusu anauluka. Anasuzumira m'lichero, muli mbee. Anapunthanso mwamphamvu, phu, phu, phu. Anapeta. Mbee. Anapuntha mulu wachiwiri, wachitatu, mpaka thukuta kuyenderera m'makutu. Uku amalonda a kutali afika, akhala pansi pa mthunzi, matumba apinda pamaondo, akumuyang'ana.

Ndipo tsiku lokapereka njere kwa Nungu linafika.

Nyama zinadzaza pabwalo la ofesi, chifukwa mbiri inali itamveka. Nguluwe analowa jekete lili pa phewa, naika patebulo njere zodzaza dzanja, zokutidwa ndi phulusa lambiri. Anati wazisunga mwa chikale, tsono akalaliki asavutike kuziyang'anitsitsa, angodinda. Nungu anatsegula bokosi, natulutsa njere za chaka chatha, za mawangamawanga ngati mazira a nkhwali. Kenaka anawerama pa njere za Nguluwe, nauzira. Phuu! Phulusa linabuka, Nguluwe anayetsemula, patebulo panatsala mapira.

Nguluwe anayamba kukuwa kuti kambalame kanamunamiza, kamangidwe. Mpheta anatera pa ngodya ya tebulo, napempha kuti bwana atchule bodza lake pamaso pa onse. Nguluwe anati kanamuuza kuti zazimuna sizibala njere. Bwalo lonse linati, n'zoona. Anati kanamuuza kuti akazizula maluwa anenepa. Bwalo linafunsa ngati sananenepe.

"Simunandifunse kumene njere imachokera, bwana," anatero Mpheta. "Mukanafunsa ngakhale mayi anu, akanakuuzani."

Nungu anayesa kudzigwira kuti asaseke, poti anali pa ntchito ya boma, koma minga yonse kumsana inkachita gwedegwede.

Pamenepo Mpheta anatulutsa kunsi kwa phiko chigoba cha nkhono chotsekedwa ndi phula. Anachitsegula, nakhuthula. Njere za mawangamawanga zinagubuduka patebulo. Zinali za pamtumbira paja, pamene chachimuna ndi chachikazi zinakula moyandikana popanda wozisokoneza. Nungu anaziyerekeza ndi za m'bokosi, anazinunkhiza, nagwedeza mutu. Anasolola munga, nadula mzere pa dzina la Nguluwe, khwaa.

Anaviikanso mungawo mu inki, nauza Mpheta kuti tsopano dzinalo alilembetse iye, likhale lake mpaka imfa.

Mpheta anafunsa ngati akatero ena angathe kulitchula pogulitsa mbewu zawo. Nungu anati ayi, ubwino wa chidindo ndi womwewo, lidzakhala la iye yekha.

Nkhalambayo inapukusa mutu. "Ndekha ndakhala kokwanira, akalaliki. Ndinamuika kale m'manda kamodzi. Musamuikenso m'bokosi."

Nungu anafufuza m'malamulo ake, napeza kuti palibe choletsa. Analemba kuti dzina la Nachanza ndi la aliyense wodzala mbewuyo, nadinda. Chidindo dii! Mpheta anagawa njere zija pabwalo pomwepo, uyu zisanu, uyu zinayi, aliyense akumuuza kuti zoondazo azisiyako, zili ndi ntchito yake.

Chaka chotsatira Mpheta analibenso mphamvu zonyamula chiguduli. Komabe Loweruka ankafika kumsika, kupumira kawiri panjira, n'kutera pa nthambi ya mkuyu. Pansi pake Gologolo ankaitana, "Nachanza, Nachanza!" Uko Fulu, mwa pang'onopang'ono, "Na-cha-nza." Uko ana a Nkhanga, osadziwa n'komwe kuti linali dzina la munthu, ankalimbirana ogula, "Nachanza weniweni ali kuno!" Mpheta ankatsinzina, mutu uli pendeke, kumvetsera mpaka msika kutha. Akatero ankabwerera kuchisa chake yekha, koma m'makutu muli modzaza.

Nguluwe amalonda aja anamuthamangitsa mpaka jekete linatsala paminga. Mpaka lero amayenda mphuno ili pansi, kufukula minda ya eni, kufunafuna njere imodzi imene mwina inagwa.

Nthano yanga yafika pamtumbira, siipitirira apa. Wina aphule mbatata ija, fungo likuti yapserera. Ndipo mukadzakula n'kuyamba kugula maina a eni, muyambe mwafunsa chimene chimabala mbewu. Koma inu amayi amene mwaseka kwambiri paja, kumbukirani kuti choonda chija chimene chimangokhala pakhonde osabala kanthu, musafulumire kuchizula.