Wokhoma Zidebe ndi Masamba a Pamsewu

Panali munthu wina wokhoma zidebe, amene ankakhala m'mphepete mwa msewu wafumbi m'tauni ina. Mkati mwa sabata ankakhoma ndowa, mbaula ndi mapoto. Lamulungu ankavala jekete yakuda n'kukakhala pampando wakutsogolo, pakuti anali mkulu wa mpingo. Sanali munthu woipa. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, kuti pasapezeke wina muno wopumira m'mwamba poganiza kuti nkhaniyi ndi ya anthu oipa.

Pakhomo pake panali mtengo waukulu wa malaina, ndipo chifukwa cha mtengowo ntchito ina inangomugwera popanda womusankha. Mwambo wathu mukuudziwa. Pakagwa zovuta timayala masamba pamsewu, uku ndi uko, kuti wodutsa aliyense adziwe kuti pano pagona munthu. Wapanjinga amatsika n'kumakankha. Wachipewa amavula. Wagalimoto amachepetsa liwiro n'kuzimitsa nyimbo. Pamsewu umenewo woyala masamba anali iyeyo. Akangomva mfuu ankasiya nyundo n'kutenga chikwanje. Kwa zaka makumi awiri anayalira Akhristu, Asilamu, zidakwa, ngakhale wakuba wina amene anamuberapo malata. Wina akadabwa, iye ankangoti maliro n'kulirana.

M'nyumba yoyandikana nayo munkachita lendi amuna awiri. Lonjezo anali telala, ankasoka pakhonde. Fatsani ankameta anthu kumsika. Sanali pachibale. Ankakondana, ndipo ankakhala limodzi monga amakhalira mwamuna ndi mkazi wake. Msewu wonse unkadziwa ndipo nkhani yawo inali m'kamwam'kamwa, koma mayunifolomu a ana ankasoketsabe kwa Lonjezo yemweyo, chifukwa msoko wake sunkang'ambika wamba. Wokhoma zidebe ankawapatsa moni wa patali, wongokweza dzanja, wosafika pofunsa kuti mwadzuka bwanji.

Loweruka lina, dzuwa lili paliwombo, njinga yamoto inaima pakhonde paja. Panali anthu awiri ovala zisoti zobisa nkhope. Wakumbuyo anatsika, natulutsa mfuti, nawombera katatu. Lonjezo anagwera pamakina ake, diresi ya mwana wasukulu ikadali pansi pa singano. Pokwera njinga, munthu uja anakuwa kuti msewu wonse umve: "Wolira wamathanyula ndiye mnzake! Tibweranso!"

Wokhoma zidebe anaona zonsezi ali pansi pa tebulo lake, atakumbatira ndowa yosamaliza. Musamuseke. Ambiri a ife tikanalowa m'ndowa momwemo.

Apolisi anabwera, anatenga mtembo, nayamba kufufuza. Lolemba m'mawa thupi linabwerako ku mochale lili m'bokosi, kuti ligone m'nyumba tsiku limodzi, mawa lake lipite kumudzi. Mayi ake a Lonjezo anafika tsiku lomwelo ndi kamtolo kawo kumutu.

Koma pamsewu panali ngati sipanafe munthu. Akabaza ankaliza mabelu awo. Pagolosale wailesi inkaimba. Abambo a bawo ankatakata pansi pa mthunzi, maso ali pamabowo. Palibe anaponda pakhomo la siwa, ndipo m'nyumbamo simunatuluke mfuu. Chikwanje cha wokhoma zidebe chinagona pakona, koyamba m'zaka makumi awiri. Mwini wake ankamenya nyundo mwamphamvu kuposa masiku onse, chifukwa akangosiya ankamva kuti kwa anansi ake kuli zii, ndipo bata limenelo linkamulasa mumtima.

Mkazi wake anaona kumene maso ake ankathawira. "Bambo, musayerekeze," anatero. "Anthu aja anati abweranso. Tili ndi ana m'nyumba muno. Ndiponso kumpingo akamva kuti mwayalira masamba anthu otere, mukayankha kuti chiyani?"

Iye anavomera msangamsanga, pakuti mkaziyo ananena zomwe mwini ankafuna kumva.

Komabe mtima sunamupatse mtendere. Tsono anachita zimene timachita ambirife tikafuna kukondweretsa Mulungu ndi mantha nthawi imodzi. Anatenga ufa m'kathumba, shuga ndi nkhuni zingapo, nadzera kuseri, pamene mpanda unagumuka. Odi wake anali wonong'ona, ngati wa munthu wodzaba.

Anatsegula ndi Fatsani, maso atatupa. Kutali kunamveka njinga yamoto, ndipo mnyamatayo anadzidzimuka n'kugwira chitseko ndi manja awiri. M'nyumbamo munali mdima masanasana, makatani onse otseka. Bokosi linali pamphasa. Kumutu kwake kunakhala mayi aja okhaokha, atadzitsekera nsonga ya chitenje m'kamwa, mapewa akugwedezeka, mawu osatuluka.

"Ndawapempha kuti asalire mokweza, bambo," anatero Fatsani. "Akamva kunjako abwera."

Wokhoma zidebe anagwada, naika pansi zimene anatenga. "Pepani, mayi. Kangachepe."

Mayiwo anachotsa chitenje pakamwa, nayang'ana ufa uja. "Zikomo, bambo. Koma ufawu tiphikira yani? Ufa wa pamaliro ndi wa olira. Olirawo ali kuti?"



"Ine ndine mlendo kuno, mundikhululukire ndikafunsa zopusa," anapitiriza mayiwo. "Kodi kutauni kuno munthu akafa, msewu suuzidwa? Nditatsika basi ndayenda ndikuyang'ana pansi, kufuna masamba oti andilondolere pamene pagona mwana wanga. Nyumba ino ndaipitirira kawiri. Ndabwerera mpaka kumsika kukafunsa kwa ogulitsa tomato. Ndinabereka munthu ine, bambo. Ndinamusenza miyezi isanu ndi inayi ngati ana ena onse. Si galu wogundidwa ndi galimoto uyu."

Mawu amenewo anamulowa mpaka m'mafupa. Anachita manyazi aakulu, oposa onse amene anachitapo m'moyo wake. Anazindikira kuti mayiyu anayenda msewu wonse kufunafuna ntchito ya manja ake, ndipo sanaipeze.

Atabwerera kwake anavala jekete yakuda ija, tsiku la Lolemba, kuti pasadzapezeke wonena kuti anayala ndi wokhoma zidebe chabe, mkulu wa mpingo sanadziwe. Kenaka anatenga chikwanje. Mkazi wake anaima pakhomo.

"Mayi, lowetsani ana, mutseke chitseko," anatero. "Mantha ndili nawo kuposa inu. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya."

Anadula nthambi za malaina, ndipo chikwanje chinaphonya kangapo. Anazikoka, naziyala chopingasa msewu kumtunda, napita kukayalanso kumunsi. Masiku onse akatero ankabwerera kwake. Tsiku limenelo anadziwa kuti akangotembenuka wina azikankhira m'ngalande. Choncho anaima pakati pa msewu, pambali pa masambawo, chipewa chili m'manja.

Bawo inaima. Mmodzi wa osewerawo anakweza mawu. "Akuluampingo, mukumudziwa amene mukumuyalirayo?"

"Ndikumudziwa. Ndi Lonjezo, mwana wa mayi ali m'nyumbamo."

Posakhalitsa kumtunda kunatulukira njinga yamoto. Panali anthu awiri, onse a zisoti. Abambo a bawo anabalalika. Wokhoma zidebe anatsala yekha pamsewupo. Anafuna kupemphera koma mawu onse a pemphero amene ankatsogolera nawo mpingo anamuthawa. Anangotsinzina n'kuima pomwepo. Njingayo inaponda masamba osachepetsa liwiro, nimuthira fumbi kumaso, nipita. Kaya anali omwe aja, kaya anali ena ongosowa mwambo, mpaka lero sadziwa. Anawerama, nakonza nthambi zimene zinamwazika, naimanso.

Kenaka kunabwera wamakala wochokera kumapiri akutali, matumba atatu atasanjikiza panjinga, thukuta lili kamukamu. Munthu ameneyo sankadziwa aliyense pamsewupo. Ataona masamba anaponda tayala ndi chidendene kuti njinga iime, natsika, navula kapusi yake yong'ambika. Anakankha katundu yense uja pang'onopang'ono. Pofika pamene panaima wokhoma zidebe anati, "Pepani ndi zovutazi, bambo." Sanafunse kuti wamwalira ndani, kapena kuti ankakhala ndi yani. Anakankha mpaka kupitirira masamba akumunsi, n'kukwera.

Wakabaza amene ankabwera pambuyo pake anali wa pamsewu pomwepo, ndipo nkhani yonse ankaidziwa. Anazengereza, phazi limodzi lili pansi. Kenaka anauza womukwera kuti atsike, onse nayenda wapansi. Pagolosale wina anazimitsa wailesi.

Wokhoma zidebe anapita kunyumba ya siwa, ulendo uno podzera kumaso. Anatsegula chitseko n'kuchisiya pululu. Anakoka makatani, kuwala kunalowa n'kugwera pabokosi. Kenaka anakhala pansi pakhonde, pomwe simenti inali ikadali ndi banga la magazi, pamalo poti aliyense wodutsa amuone.

"Mayi," anatero, "lirani mwana wanu. Msewu wamva."

Mayi aja anataya chitenje chija. Mfuu imene anaimeza masiku atatu inatuluka yonse, nimveka mpaka kumsika. "Lonjezo iwe! Mwana wanga ine! Anakulakwira ndani, mwana wanga?" Fatsani anadzigwetsa pabokosi, nalira monga amalirira wamasiye, pakuti analidi wamasiye. Ndipo wokhoma zidebe, amene sanafunsepo Lonjezo kuti wadzuka bwanji, analira nawo.

Sindikunamizani kuti msewu wonse unakhamukira pamenepo. Amene anabwera sanadzaze mphasa ziwiri. Ena anatseka zitseko zawo. Mkazi wake anakhala m'nyumba ndi ana, ndipo ine sindimuweruza. Lamulungu lotsatira, pampando wakutsogolo uja, akulu anzake anasiya mpata pakati pa iye ndi iwo. Mantha sanamuchoke, kwa miyezi yambiri njinga yamoto ikalira, nyundo inkamupulumuka m'manja. Koma Lonjezo anapita kwawo atalilidwa ngati munthu.

Abale ndi alongo, wowombera uja sanabwere kudzapha munthu mmodzi yekha. Anabwera kudzatilamula tonse otsala kuti tiziona magazi n'kuyang'ana kumbali. Tikamvera lamulo limenelo, ndiye kuti tagwadira mfuti, ngakhale pakamwa tikuimba nyimbo za Mulungu. Ndikunena mosapsatira: kuwombera munthu chifukwa cha amene amamukonda ndi kupha, ndipo magazi ake amafuula kwa Mlengi wake monga a wina aliyense. Mawu achipongwe amene timaponya pamsika ndi paguwa ndi amene amalimbitsa dzanja la wogwira mfuti.

Ndikuona ena mwayamba kale kukonza funso lakuti, "Nanga khalidwe lawo, abusa?" Mtsutso umenewo tautafuna zaka zambiri, ndipo pamene tikutafuna, anzathu akugona ndi nsapato kumapazi. Ena mwa iwo ndi ana athu obereka tokha. Ena akhala nafe m'kachisi muno m'mawa uno, akumvetsera kuti aone ngati pali wina amene angadzawalire. Ambuye wathu Yesu anafa imfa yamanyazi, anthu akumulozerana zala, ophunzira ake atadzitsekera chifukwa cha mantha. Anamuika m'manda ndi munthu amene analimba mtima kukapempha mtembo wake pamaso pa olamula, dzina lake likudziwika.

Mulungu sakudikira kuti mantha athe mwa inu. Akudikira kuti muime nawo pamsewu, mawondo akuombana choncho. Pamsewu wanu pali nyumba ina imene makatani ake satsegulidwa masana, ndipo inu mukuidziwa. Musadikire bokosi. Pitaniko dzuwa likuwala, ndipo mukalowere khomo lakumaso.