Gogoda Zofiira za a Rosebell

Pa ofesi ina ya boma, m'nyumba zakale zija za kumtunda kwa tauni ya Zomba, a Rosebell ankamveka asanaoneke. Khonde la pamenepo ndi la simenti yopaka polishi, ndipo gogoda zawo zikayamba kulira kuchokera ku geti, mesenjala ankapinda nyuzipepala, a ku akaunti n'kukankhira zitumbuwa m'dirowa. Anali sekilitale wa bwana kwa zaka khumi ndi zinayi. Anali aafupi ngati mtondo, koma ankanena okha kuti chimene Mulungu anawamana pa msinkhu anakachipeza pa msika.

Kwa zaka zinayi mayiyu ankaphunzira Loweruka ndi Lamulungu ku yunivesite, anzawo ali ku maukwati. Digiri itatheka, chinthu choyamba kugula sichinali mwinjiro ayi. Anakwera minibasi mpaka ku Limbe n'kubwerako ndi gogoda zofiira, zachidendene chosongoka ngati pensulo, nazikhazika m'bokosi pamwamba pa wodiropu kunyumba kwawo ku Chinamwali. Ofesi yonse inkadziwa za bokosilo.

"Tsiku lolandira digiri," ankatero, "ndidzakwera masitepe a m'holo ya ku yunivesite muja ndi mapazi anga, mmodzimmodzi, osathamanga. Amene sanandimvepo adzandimva."

Ndiye mu Febuluwale, mvula ili pakati, anapita ku Songani kukagula tomato. Potsika minibasi phazi lamanzere linatsetsereka n'kulowa mu ngalande, kafupa kena n'kuthyoka. Anakhala m'chikhakha masabata asanu ndi limodzi.

Tsiku lochotsa chikhakhacho, dokotala anawafunsa kuti mwambo wolandira digiri uli liti.

"Kwatsala masabata asanu ndi atatu."

"Ndiye muli ndi mwayi, mayi. Masabata asanu ndi limodzi muvale nsapato zafulati, zomanga ndi zingwe, zolimba kunsi, zogwira phazi lonse. Mukatero, tsiku lanulo gogoda mukhoza kuvala maola awiri kapena atatu, palibe chovuta. Koma mukafulumira, tidzaonananso m'chipinda muno."

"Zafulati, adokotala? Ine zafulati ndinasiya ndili Folomu 4."

"Ndiye mukumbukire ubwana," anatero dokotalayo uku akulemba.

Kupita okha ku msika kukasankha nsapato zoterozo a Rosebell anakuona ngati kukadzigulira bokosi la maliro. Anachita zomwe anthu amachita akamatuma munthu nsapato: anatenga chingwe chosokera thumba la ufa, n'kuyeza phazi kuchokera ku chidendene mpaka ku chala chachikulu, n'kudula. Chingwecho anapatsa amuna awo, a Yesaya, mphunzitsi wa pulayimale wofatsa ngati madzi a m'mtsuko.

A Yesaya anakafika pa benchi ya Che Stambuli, bambo wa ndevu zotuwa amene wagulitsa nsapato za kaunjika mu msika wa Zomba kuyambira ana a a Yesaya asanabadwe. Anafotokoza za ngoziyo n'kutulutsa chingwe m'thumba la shati.

Che Stambuli anachiyang'ana osachigwira. "Chingwechi ndi cha phazi liti?"

"Lamanja, ndikuganiza. Kapena lamanzere. Mapazi a munthu mmodzi si amodzi?"

"Achimwene, chingwe chimanena kutalika kokha. Kutupa sichinena. Akanakhala mwana wa sukulu ndikanakupatsani, koma phazi loti lachoka m'chikhakha sindiligulitsa nsapato lili kunyumba. Auzeni abwere okha. Ndipo abwere masana, cha m'ma fili koloko, phazi litayenda, litatopa. Phazi la m'mawa ndi labodza."

A Rosebell atamva uthengawo anati wogulitsa kaunjika wayamba liti udokotala. Komabe mawa lake anakwera kabaza, atavala patapata, nkhope ili gwa. Che Stambuli anawakhazika pa mpando, nayala katoni pansi, n'kujambula mapazi onse awiri ndi bolopeni. Lamanzere linali lofufuma kuposa linzake ndi chala chathunthu.

"Mwaona? Awa ndi anthu awiri, mayi. Sangavale yunifolomu imodzi."

Sanayang'ane n'komwe nsapato zomwe anayala kutsogolo. Anakoka thumba lina kunsi kwa benchi, limene ankalitcha la amasiye, momwe ankaponyamo nsapato zofika mu belo zopanda zinzake. Anafukula kwa nthawi, akung'ung'udza, mpaka anatulutsa ziwiri zakuda zamtundu umodzi, ina sayizi faifi, ina sikisi. Zinali zachikopa chofewa, zotakasuka ku zala, kunsi kochindikala. Anapinda imodzi ndi manja kuonetsa kuti imagonja ku zala kokha, pakati ayi. Kenako anawaveka, namanga zingwe mpaka kubowo lomaliza.

"Tayendani mukafike pa amayi a nyemba apo mubwerere."

Anapita, nabwerera. Kwa nthawi yoyamba kuchokera tsiku la ku Songani lija, phazi linaponda pansi osadandaula.

"Zikupweteka?"

"Ayi."

"Nanga nkhopeyo?"

"Zikuoneka ngati za asisitere."

"Asisitere munawaonapo akutsimphina?" anafunsa Che Stambuli, akupinda katoni ija. "Muvale zimenezi mpaka dokotala atakumasulani. Zofiira zanuzo sizithawa. Ndazimva mbiri yake, achimwene anandiuza."

Sabata yoyamba a Rosebell anamvera. Phazi linayamba kuphwa, ndipo madzulo ankatha kukwera kamtunda ka ku Chinamwali osapumira panjira. Vuto linali ku ofesi. Ankafika mwakachetechete ngati mphaka, moti kawiri konse anapeza mesenjala atagona pa mpando wa alendo. Zimenezo zokha akanapirira, mwinanso kuzikonda. Koma Lachisanu kunabwera bambo wina wa jekete kudzaona bwana. Anawapeza a Rosebell ataimirira pa khonde akuthirira duwa, nawayang'ana kuchokera kumutu mpaka ku nsapato.

"Amayi, mukamaliza apo mundiitanireko asekilitale."

Loweruka lonse mawu amenewo ankawabaya ngati minga ya m'chovala. Pofika Lamulungu anali atapeza chifukwa chomveka bwino, monga achitira munthu aliyense amene watsimikiza kale zochita. Nsapato yatsopano, anadziuza, ili ngati mtengwa: siungaitulutse pagulu isanazolowere pakhomo. Akadikira mpaka tsiku la mwambo, gogoda zija zidzawaluma matuza pamaso pa anthu. Kunali kwanzeru kuyamba kuzizoloweza.

Kuyambira Lolemba, ankatuluka m'nyumba atavala za Che Stambuli, a Yesaya akuona. Zofiira zinali m'chikwama, zitakulungidwa m'chitenje. Akatsika kabaza pa geti, ankakhala pa kakhoma ka pansi pa mtengo wa jakaranda n'kusintha. Khonde linayambanso kulira, zitumbuwa zinabwerera m'dirowa, ndipo palibe mlendo anawatumanso kukaitana sekilitale. Ikakwana faifi koloko ankasinthanso pa kakhoma komweko, n'kukafika kunyumba ngati munthu womvera malangizo.

Phazi lokha ndi limene linakana kusunga chinsinsi. Madzulo linkafika litafufuma ngati mkate, ndipo a Rosebell ankaliviika m'beseni la madzi ofunda a mchere.

"Make Rejoice, phazili bwanji likubwerera m'mbuyo?" anafunsa a Yesaya tsiku lina.

"Ndi kuzizira kwa Zomba kuno. Mafupa amamva nyengo."

"Kapena nsapato zija sizili bwino?"

A Rosebell anayang'ana m'beseni. "Mwina. Za kaunjika n'zosadalirika."

A Yesaya anali ofatsa, koma sankafuna kuti munthu apusitse mkazi wawo. Loweruka m'mawa, mayi ali kubafa, anaika nsapato zakuda zija m'jumbo n'kutsikira ku msika atakonzeka kukalankhula mawu olimba, amene anawayeserera njira yonse.

Che Stambuli anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anatembenuza nsapatozo, nayang'ana kunsi kwake, n'kupitsapo chala. Analowetsa dzanja mkati, nasuzumiramo.

"Akuti avala masabata angati?"

"Atatu. Tsiku ndi tsiku."

"Achimwene, ine sukulu sindinapite patali, koma kunsi kwa nsapato ndimawerenga. Munthu woyenda pa simenti tsiku lonse, chidendene ichi chikanayamba kudyeka. Mkatimu mukanakhala mutalowa chithunzi cha phazi. Izi zikuyenda pang'ono kuposa mwini wake." Anazibwezera m'jumbo. "Mukafika kunyumba, mukanyamule bokosi lija muone ngati likulemera."

Bokosilo linali lopepuka ngati chisa cha mbalame. A Yesaya atafika kunyumba analiika pa tebulo, nakhala pansi n'kuyamba kuchonga makope a ana. A Rosebell anazungulira tebulolo kawiri.

"Bambo a Rejoice, inu simungamvetse. Munthu ananditenga ngati wokolopa."

"Wokolopa amayenda ndi mapazi awiri."

"Chabwino, ndamva. Lolemba lokha. Kukubwera alendo ochokera ku Lilongwe, sindingawalandire ngati ndikupita kumunda. Likadutsa Lolemba, ndizibwezera m'bokosi mpaka tsiku lake. Mukhoza kumata ndi selotepi."

"Phazi ndi lanu," anatero a Yesaya, osadzutsa mutu.

Lolemba khonde analipaka polishi kawiri chifukwa cha alendowo. Cha m'ma teni koloko a Rosebell anatuluka ndi mafayilo asanu pachifuwa, akulunjika ku chipinda cha msonkhano. Pakati pa khonde ndi chipindacho pali masitepe atatu okha, amene anawatsika kwa zaka khumi ndi zinayi osayang'ana pansi. Pa lachiwiri, chidendene chosongoka chija chinalowa mu kamng'alu ka simenti n'kukana kutuluka. Thupi linapitirira, phazi linatsala. Alendo a ku Lilongwe anathandiza kutola mapepala, ndipo mmodzi wa iwo, mayi waulemu kwambiri, anazula nsapatoyo mu simenti n'kunena kuti ndi yokongola.

Dokotala uja sanakalipe. Anakweza chithunzi cha mafupa a phazi ku windo, naloza pomwe panathyoka poyamba paja.

"Ulendo uno ndi miyezi iwiri m'chikhakha. Za gogoda tidzakambirana chaka chamawa."

"Adokotala, mwambo uli masabata asanu okha kutsogoloku."

"Mudzapita. Ndodo tikubwerekani."

Anapitadi. Tsiku la mwambo linacha bwino, phiri lili mbee, tauni yonse itadzaza miinjiro ndi maluwa apulasitiki. A Rosebell anawakhazika pa mpando wa kumapeto kwa mzere, pafupi ndi khomo, kuti ndodo zisapinge anthu. Anaona anzawo a m'kalasi akukwera masitepe aja mmodzimmodzi, ena akugwedezeka pa gogoda zobwereka. Dzina lawo litaitanidwa anaimirira, koma wothandizira mwambo anawanong'oneza kuti asavutike kukwera. Mkulu wopereka madigiri anatsika yekha n'kudzawagwira chanza pansi pomwepo. Holo yonse inaomba m'manja mwachifundo, kwa nthawi yaitali kuposa ena onse, ndipo m'manja mwachifundo ndi momwe a Rosebell sankamufuna.

Masana banja lonse linakwera phiri kukajambulitsa ku damu la pamwamba pake, monga amachitira ambiri tsiku lotere. A Rosebell anawakhazika pa mwala, nakokera mwinjiro pansi kuti ubise chikhakha. Phazi lamanja linali mu nsapato yakuda ya Che Stambuli, ndipo ngakhale sananene, linali phazi lokhalo pa gulu lonselo limene silinkapweteka. Ali chikhalire choncho, galimoto yachiwiri inafika, n'kutsikamo mng'ono wawo Ellah, amene amagulitsa zovala ku Chikanda. Ankayenda mosamala pa miyala, manja atatambasula pang'ono. Ku mapazi kwake kunali kofiira.

"Ellah, nsapato zimenezo wazitenga kuti?"

"Pa wodiropu, achemwali. Alamu anati palibe akuzivala." Ellah anatembenuza phazi uku ndi uku. "Nanga zikanangokhala m'bokosi? Nazonso zinakonzekera tsikuli."

A Rosebell anayang'ana amuna awo. A Yesaya anali atatanganidwa kwambiri ndi kuyang'ana madzi.

Wojambula anawasanja onse mozungulira mwala uja, nabwerera m'mbuyo, natsinzina diso limodzi. "Mayi a digiri, mwakhala bwino pomwepo, musasunthe. Achemwali a nsapato zofiira, tabwerani kutsogolo pang'ono, zioneke."

Chithunzicho chili pa khoma ku Chinamwali, ndipo mlendo aliyense akachiona amayamba wayamikira nsapato, kenako n'kufunsa kuti analandira digiri ndi uti. Masabata asanu ndi limodzi okha ndi amene ankafunika, ndipo a Rosebell anapirira imodzi. Akuluakulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Mkandawo iwo anali nawo kale m'bokosi. Chimene analephera kusunga ndi khosi.