Nagama ndi Bowa wa Mkamwini

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, msewu usanadutse kuseri kwa phiriko, munali mayi wina dzina lake Nagama. Ameneyo ndiye anabereka agogo a agogo anu. Mwamuna wake Kabwazi anali mkamwini wochokera kutali, munthu wakhama ndithu, koma wosamva za mnzake.

Chaka chimenecho kunali njala. Njala, ana inu! Mvula ikugwa, chimanga chili m'mawondo, nkhokwe zili pululu. Ana awiri a Nagama ankangogona pamphasa, kulira komwe atatopa nako.

M'mawa wina Kabwazi anabwera kuchokera kuthengo atasenza dengu la bowa woyera mbee.

"Amake Tsala, tsuka mphika. Lero tidya ndelema."

Nagama anatola mmodzi, kumununkhiza, kumutembenuza, kuyang'ana kutsinde.

"Abambo, ndelema ndimamudziwa, ndakula ndikumuzula. Uyu wangofanana naye."

"Kwathu timadya yemweyu. Taona, nkhono zamudya m'mbalimu. Nkhonozo zafa?"

"Ine sindine nkhono. Ana anganso si nkhono."

Kabwazi anatenga mphika n'kuphika yekha. Fungo linadzaza bwalo lonse. Ana aja anadzuka, n'kuyamba kusendera kumoto. Mukanakhala inu mukanatani? Mwana wanu sanadye masiku awiri, ndiwo zikubwata pamaso pake, mukanatani? Nagama anabereka wamng'ono, wamkulu anamukoka padzanja akulira, ulendo kwa mchemwali wake Nasiwa.

Atangofika, Nasiwa anamulandira akumwetulira. "Alamu ndi munthu wabwino bwanji! Pobwera kuthengo agawira nyumba zitatu: yathu ino, ya Nachisale ndi ya a Msamala."

Nagama anayang'ana palichero: bowa yemwe uja, wosadzulasadzula kale. Analanda licherolo, kukakhuthula m'dzenje, kukwirira ndi phazi. Ana anawasiya pomwepo, iye liwiro.

Anathamanga, ana inu, anathamanga! Matope akumuterera, nsalu ikumasuka, iye osaima. Kunyumba kwa Nachisale anapeza mphika uli pamafuwa, ana anayi atauzinga, mbale zili m'manja. Sanapereke moni, sanaodire. Anangoukankha mphikawo, phwaa!

"Wapenga kodi iwe?" anakuwa Nachisale. "Ana anga adya chiyani? Njala yako ufuna tife nayo tonse?"

"Nditukwaneni, mayi, koma asatole wapansiyo!"

Anathamanganso. Nyumba yomaliza inali ya nkhalamba ina, a Msamala, amene ankakhala okha. Anawapeza atadya kale, akusamba m'manja, mbale ili mbee.

Madzulo a tsikulo Kabwazi anali bwinobwino, mimba ili ndendende. Ankayendayenda pabwalo akudzisisita. "Ndafa kodi? Tandiyang'anani, ndafa?" Mudzi wonse unamuda Nagama. Wansanje, ena amatero. Wamisala, ena amatero. Iye kukhala pansi osakhazikika, kuimirira, kusuzumira mwamuna wake, kukhalanso.

Kutacha zinayamba. Kusanza, kutsegula m'mimba, thukuta lili kamukamu, kwa Kabwazi ndi kwa a Msamala komwe. Nagama anali uku ndi uku, kutunga madzi, kusinja makala, kuwamwetsa. Tsiku lachitatu Kabwazi anadzuka, napempha phala, mpaka anakaona kumunda. Anthu anati wachira. Mukuganiza anachira? Chiphe chinali chitangolowa m'kati, chikudya chiwindi mwakachetechete. Tsiku lachisanu maso ake anachita chikasu, nayamba kubwebweta. Pamene nzeru zinabwerera pang'ono, anagwira mkono wa mkazi wake.

"Ana aja sanalaweko?"

"Sanalawe, abambo."

"Wachita bwino."

Sanalankhulenso. A Msamala anali atatsogola dzulo lake. Manda awiri anakumbidwa mvula ikugwa. Pamaliropo Nachisale anabwera ndi ana ake anayi aja, nagwada pamaso pa Nagama. Anamugwira mapazi.

Nagama analera ana ake ndi bonongwe ndi chisoso mpaka chimanga chinacha, ndipo mwa ana amenewo ndi momwe tinachokera ife tonse tili panofe. N'chifukwa chake kubanja kwathu kuno bowa sapita pamoto asanaonedwe ndi anthu awiri akuluakulu obadwira dera lomwelo. Timazula ndi tsinde lomwe kuti aoneke yense, ndipo mmodzi akangokayika, dengu lonse timakakwirira. Ngakhale mimba ikulira chotani, ana inu, timakakwirira.